Ba Daka, Mdani wa Mthunzi

Mu Chawama monse munalibe munthu wodana ndi mthunzi ngati malemu Ba Whyson Daka. Anthu ena amayambana chifukwa cha nkhuku, ena chifukwa cha madzi otsukira mbale amene adumpha malire, koma bambo amene uja ankayambana ndi anthu chifukwa cha mthunzi wawo. Ukangoima pamalo olakwika pafupi ndi nyumba yawo, ngakhale uli m'njira ya aliyense, unkamva mawu kuchokera m'kati: "Imwe, chosaniko mutu apo." Ndipo anthu ankauchotsadi mutuwo akuseka, pakuti Ba Daka sanali munthu woti ungamusungire chakukhosi.

Amene anailawa kwambiri nkhondo imeneyi anali Ba Maud, neba wawo wa mbali ya kumadzulo, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi kapenta pakhomo. Pakati pa nyumba ziwirizi panali mtengo wa mapeyala, amene kuno timati kotapela, wautali kuposa madenga onse a mumzerewo. Dzuwa likangopendeka, cha m'ma fotini awazi, mthunzi wake unkakwera padenga la Ba Daka n'kukhala pompo mpaka madzulo. Ba Daka ankafuna mtengowo udulidwe. Ba Maud akanalolera kudulidwa dzanja kusiyana ndi mtengowo.

Chifukwa chake sankauza munthu. Pansi pa mtengowo anakwirirapo mchombo wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Tionge, ndipo malemu amuna awo ndiwo anabzala njere pamwamba pake. Tionge atakula anapita ku Joni kukafuna ntchito. Anaimba foni chaka choyamba ndi chachiwiri, kenako zii, zaka zisanu ndi ziwiri. Mumtima mwa Ba Maud nkhani inali yachidule: mtengo ukakhala chiimire, mwana ali moyo ndipo adzabwera. Koma mayi wovala bulauzi yoyera ya chigwirizano cha kutchalitchi sanganene zoterozo pagulu, anzake angamutche wachikunja. Choncho akafunsidwa ankangoti amakonda kotapela, chikhalirecho sankamudya n'komwe, ankawachititsa nseru.

Matenda a mthunziwa anabwera ndi mkamwini. Ba Daka anali wokonza mawayilesi pamsika kwa zaka makumi atatu, mpaka mafoni anadzawalanda ntchito. Akazi awo atamwalira anatsala okha m'nyumba, manja akuyabwa, choti amasule palibe. Tsono mwana wawo Belinda anakwatiwa ndi Rex, mwamuna wa mabizinesi osatha mwezi. Rex uja anagula makina akale okumba bitikoini, ndalama ya pa intaneti ija, kabokosi kachitsulo kokhala ndi mafani kutsogolo ndi kumbuyo. Belinda atakathamangitsa m'nyumba mwake, Rex anakanyamula mwaulemu wonse n'kukapatsa apongozi ake ngati mphatso. Mphatso zina zimafunika kuzifunsa kaye kumene zachokera.

Tsiku loyamba kabokosiko katalira, Ba Maud anasiya tomato n'kukasuzumira pakhomo.

"Manje aka kanthu kagwira nchito bwanji, Ba Daka?"

"Kaganiza, amake Tionge. Kuli samu imozi yamene makina ya ziko yonse yalimbirana. Aka kayesa namba, yakana, kayesa inangu, yakana, kufika zuba yangena. Gulu yamene yapeza yankho ndiye ipasiwa ndalama. Ise bang'onobang'ono tigabana tunyenyeswa."

"Kansi ni njuga."

"Ni masamu."

"Nanga ndalama yeve ili kuti? Niionekoni."

"Siioneka. Ili mu foni."

"Na njala siioneka," anatero Ba Maud, "koma ili mu mimba."

Makinawo ankalira ngati chigayo chaching'ono, ndipo kumbuyo kwake kunkatuluka mpweya wotentha woti n'kuumitsa matewera nthawi ya mvula. Mayuniti a magetsi amene ankawakwanira Ba Daka mwezi wathunthu anatha tsiku lachinayi, wayilesi ili pakati pa nkhani. Anagula ena, nawonso anangodutsa. Apa m'pamene anadziwa chimene mkamwini anawakondera. Munthu wina akanakatenga kabokosiko n'kumakhalapo ngati mpando, koma Ba Daka anatulutsa kampando kawo panja, anakhala tsiku lonse maso ali kumwamba, ndipo madzulo anaitana neba wawo.

"Amake Tionge, mwaiona zuba? Ilibe mita."

Anagulitsa njinga, anagulitsa masofa, anapita kumashopu a ku Kamwala n'kubwerako ndi mapanelo a sola asanu ndi limodzi. Anayi anawakhoma padenga. Awiri otsalawo anawamangirira pa wilibala ndi waya wautali, n'kumawayendetsa pabwalo ndi m'njira kutsatira dzuwa, m'mawa uku, masana uku. Mabatire awo anali a galimoto otha ntchito, osasunga moto woti n'kuwiritsa dzira. Ndiye mthunzi ukangogwera papanelo, kulira kwa makina kunkatsika, nthawi zina n'kuzimiratu, ndipo pamafunika mphindi zingapo kuti ayambirenso masamu awo. Umu ndi mmene Ba Daka anaphunzirira kumva mthunzi ndi makutu.

Ankati munthu aliyense ali ndi kamvekedwe ka mthunzi wake. Tsiku lina Ba Chisala, dikoni wamtali wa kutchalitchi kwawo, anaima pafupi ndi wilibala kuti ayankhe foni. Mawu anatuluka pawindo, katani ali wotseka.

"Ba Chisala, mwauka bwanji? Pitani mowerama."

"Mwaziba bwanji ati ndine?"

"Mthunzi wanu ulema. Wa bana umapita chabe fyu. Wanu ufika, unkhala pansi, upempha na tiyi."

Anayambana ndi zochapa za pachingwe. Anayambana ndi ambulera ya abusa. Nkhunda zikatera padenga ankazilalikira za kuba. Mtambo ukamabwera ankatuluka, manja m'chiuno, n'kumauuza kuti upite ku Matero kumene kulibe ntchito. Chaka cha chilala chija, mpingo utasonkhana kupempherera mvula, abusa analakwitsa n'kupempha Ba Daka kuti atseke ndi pemphero. Anaimirira, anatsinzina, n'kuti: "Ambuye, tipaseni mvula, bana banu bavutika. Koma ngati ningapempheko, izibwela usiku." Ameni wa tsiku limenelo anatuluka modukaduka.

M'chaka chomwecho madzi anachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kuyamba kuzima pafupifupi tsiku lonse. Azimayi a pampope anagamula mlandu mwachangu: makina a Ba Daka ndiwo amwa damu. Nkhaniyi itawapeza, mkuluyo anapita pampopepo yekha.

"Ine ningamwe Kariba na kabokosi kamozi? Yendani kunja mukaone. Kuli vinyumba vikulu vozula makina aya, vidya malaiti kuchila Lusaka yonse, benangu bachita kushoka malasha kuti vilile. Ine nidya zuba yamene inali kugwa chabe pa malata, kulibe wamene anali kuifuna."

Paja amati wamisala anaona nkhondo. Pamene ometa anakhala pansi, owotcherera zitsulo akugona pamabenchi, mafiriji asanduka makabati, nyumba ya Ba Daka yokha ndi imene inkalira mumzere wonse. Azimayi omwe aja anayamba kufika ndi mafoni m'manja, moni wake wautali. Ba Daka ankang'ung'udza kuti foni iliyonse ikuwabera namba, koma dzuwa likafika paliwombo ankati tsopano lili ndi tchenji, n'kutulutsa thabwa la masoketi pakhonde. Sanalipiritsepo munthu. Chimene ankapeza m'makinawo palibe ankachidziwa. Belinda ankati chinkakwanira tiyi wopanda mkaka, eni ake ankati dikirani muone.

Komabe mdani wamkulu anali kotapela uja, amene ankawalanda dzuwa lonse la masana. Anayamba ndi ulemu. Anabweretsa mbande ya papaya kuti ilowe m'malo mwake, Ba Maud anailandira n'kuibzala kuseri. Analonjeza ambulera yaikulu yoti azigulitsirapo tomato, Ba Maud anati ambulera sibala. Ananena kuti aona njoka m'nthambi, Ba Maud anati aipatse moni. Ananena kuti mukugona kadzidzi.

"Ngati ni kazizi, abwelela chongo cha makina yanu," anatero mayiwo. "Ayesa ni mubale wake."

Ulemu utakanika, Ba Daka anapita kwa Ba Musonda, tcheyamani wa komiti yoona za mapuloti m'deralo. Ba Musonda anabwera ndi tepi, anakumba pakona n'kupeza chitsulo chakale cha malire, anakoka chingwe. Anthu anasonkhana ngati kuli mpira. Chingwecho chinadutsa kumbali ya Ba Maud, thunthu lonse la mtengo n'kutsala m'puloti ya Ba Daka. Malemu amuna a Ba Maud anabzala mongoyerekeza, nthawi imene malire ankadziwika ndi pakamwa.

"Mutengo ni wa Ba Daka," anatero Ba Musonda, osayang'ana mayiwo kumaso.

Ba Daka anavina pang'ono, mwendo umodzi. Ba Maud analowetsa tomato wawo m'nyumba dzuwa likanali pamutu, ndipo tsiku limenelo sanaphike.

Loweruka m'mawa kunafika Isaac, bambo wodula mitengo, ndi nkhwangwa ndi chingwe. Anakwera, anamanga nthambi yaikulu, anayamba kulavulira m'manja. Ba Maud anatuluka atamanga chitenje zolimba, anadutsa anthu oonerera, n'kukaima pafupi ndi Ba Daka. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, moti amene anamva ndi mwini khutu yekha.

"Ba Daka, pansi apa pali muchombo wa Tionge. Batate bake ndiye banashanga mutengo pamwamba. Sinizibanso ngati mwana wanga ali moyo. Nikauka kuseni nimayangana mutengo, nikaona uli bwino, niziba ati nayeve ali bwino. Niziba ni vaupuba. Koma nilibe vinangu."

Ba Daka anayang'ana pansi pamene panali mizu, anayang'ana denga lawo, anakanda m'mutu mopanda tsitsi. Kenako anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Isaac, seluka."

"Bwanji, mudala?"

"Nachita masamu yanyowani. Makina aya yafuna pozizira. Ukajuba mutengo, chipupa chizapya na zuba, makina yazafa. Nenze pafupi kuzipaya neka."

"Manje ine nabwela kudala, nasiya nchito inangu."

"Tyola kotapela uzuze saka. Mutengo ni wanga, Ba Musonda bakamba."

Anthu anabalalika akudandaula kuti awabera chionetsero. Isaac anapita ndi thumba lake. Ndipo pakamwa pa Ba Daka paja, pamene sipankasunga ngakhale chinsinsi cha mtengo wa sopo, panasunga nkhani ya mchombo mpaka kumanda.

Kuyambira pamenepo kunabadwa mwambo. Fotini awazi ikakwana, mthunzi n'kukwera padenga, makina ankalira motsika, kutsika, kenako chete. Posapita nthawi Ba Daka ankatulukira ndi kampando kawo, supuni ndi mchere wa m'kapepala, n'kukhala pansi pa mdani wawo. Ba Maud ankawadulira kotapela pakati. Mkuluyo ankadya akudandaula ndi kuopseza kuti mawa audula mtengowo.

"Uyu mutengo wanidyela hafu ya chuma changa. Sembe lelo nili na motoka. Mailo nizaujuba."

"Jubani."

"Muganiza niseka?"

"Nkhwangwa ili kuseli kwa chiseko, nikubwelekeni?"

Ankatero tsiku ndi tsiku, ndipo ogula tomato ena ankabwera nthawi imeneyo dala kuti amvereko. Koma pakakhala palibe munthu, Ba Daka ankanyambita supuni, n'kufunsa akuyang'ana kumbali.

"Kulibe foni?"

"Kulibe."

"Izabwela. Onani mwamene wabalila chaka chino."

Mawu amenewo ankawagoneka tulo Ba Maud. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri anasenza okha nkhawa ija, ndipo tsopano panali wina wogwirako mbali, ngakhale anali munthu wokalipira mitambo.

Mvula ya chaka chotsatira itatha, Ba Daka anayamba kuonda. Miyendo inkatupa, wilibala ankaikankha mopumira. Belinda anapita nawo kuchipatala kawiri, ndipo atabwerako mkuluyo anangoti madokotala apeza kuti ali ndi nzeru zambiri. M'malo mogona, anatsitsa mapanelo pa wilibala n'kuyamba kututira mchenga ndi mabuloko. Anati akumanga mpanda. Ankaika mabuloko atatu, n'kukhala pansi, anayi, n'kukhala pansi. Mpandawo unachokera kunjira molunjika bwino, kutsata chingwe cha Ba Musonda, koma utafika pamtengo unakhota kulowera kunyumba kwa mwini wake, unazungulira thunthu patali, n'kubwereranso pamzere. Pafupi ndi mtengo anasiya kampata kokwana munthu mmodzi ndi kampando.

Chawama inaseka mpaka nthiti kuwawa. Amisiri ankachita kubwera kudzajambula. Ba Chisala anafunsa ngati levulo yawo yoongolera chipupa inaledzera.

"Ni injiniyaring'i," anatero Ba Daka. "Mphepo ifunika izizunguluka, ifike ku makina yozizira. Imwe munaphunzira chabe Baibulo."

Ba Maud nawo anaseka, ngakhale mumtima zinawawawa pang'ono kuti munthu amene amacheza naye masana aliwonse waika chipupa pakati pawo. Anaganiza kuti matenda afika kumutu.

Linali Lachiwiri la mwezi wa Ogasiti, wa mphepo ndi fumbi. Mthunzi unakwera padenga, makina anatsika mawu n'kukhala chete monga mwa masiku onse. Ba Maud anadula kotapela pakati, anachotsa njere, anadikira. Anagulitsa tomato kwa anthu awiri. Kotapela uja anayamba kuda pamwamba. Anadutsa pakampata paja, anaodira kawiri, anakankha chitseko. Anawapeza Ba Daka atakhala pampando pafupi ndi makina awo, supuni ili m'thumba la malaya, mchere uli m'manja. Anali atatisiya.

Maliro ake anali aakulu kuposa a anthu ena a magalimoto. Kunabwera aliyense amene anatchajako foni, aliyense amene anauzidwapo kuti achotse mutu. Tenti inachepa, ndipo azibambo ambiri anakhala pansi pa kotapela. Kumanda abusa anayesa kukamba za pemphero la mvula lija kuti anthu apepukidwe, koma pakati pa nkhani mawu anawathera.

Atangoika maliro, mng'ono wawo wa malemu, amene anachokera ku Katete, ananena kuti puloti igulitsidwa. Wogula anapezeka sabata yomweyo, bambo wa nsapato zosongoka womanga timidadada ta lendi. Anayendera malowo ndi tepi yake, anamenya mtengo ndi chikhatho, n'kunena kuti choyamba kuchoka ndi chimtengo ichi ndi chimpanda chokhotachi, pamenepa pakwana zipinda ziwiri. Ba Maud anamva ali pa tebulo lawo la tomato. Ba Daka anali munthu woti n'kumuchonderera, koma munthu wa nsapato zosongoka ungamuuze za mchombo?

Akanali chikhalire, anaona Ba Musonda akubwera ndi Belinda, faelo ili m'khwapa.

"Bakulu, pimani bwino," anatero tcheyamaniyo. "Malire ni chipupa. Mwamene chakhotela, ndiye mwamene puloti yakhotela. Ba Daka banabwela ku ofesi mu Epulo, banasaina ati ka malo ka mutengo bapasa amake Tionge. Mwana wabo uyu ndiye mboni. Pepala iyi."

"Mukulu wanga anali ofunta," anatero wa ku Katete uja. "Munthu wanzelu angapase malo mahala?"

"Banali bwino, batate bang'ono," anayankha Belinda. "Banachoka ku chipatala, bamvela vamene dokota akamba, tapita straiti kuli Ba Musonda." Kenako anatembenukira kwa Ba Maud. "Banati nisakuuzeni bakali moyo. Ati mungayambe kubayamika, kotapela ingaleke kuwama."

Ba Maud anayang'ana mpanda uja, mabuloko osalingana, simenti yopakidwa ndi manja odwala, atatu lero, anayi mawa. Munthu uja ankadziwa kuti akupita, ndipo mphamvu zake zomaliza anazithera pomangira mpanda mtengo umene unamulanda dzuwa. Paja akulu amati khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu. Chawama yonse inaona kukhota, palibe anaona kumene kunaloza mutu. Mayi uja sanalire pamaliro monga analirira tsiku limenelo, atagwira chipupa ndi manja awiri.

Mapanelo anakwera basi kupita ku Katete, kumene akuti akupopa madzi a m'dimba. Makina palibe anawafuna, ngakhale Rex, ndipo ali pansi pa bedi kwa Belinda. Wogula uja anamanga zipinda zake mbali inayo, n'kutseka kampata kaja ndi mabuloko atsopano, oongoka bwino. Alendi amene akukhalamo ndi anthu aulemu, sayambana ndi munthu, ndipo sitikuwadziwa maina.

Mzere wathu uli phee masiku ano. Masana amatalika, ndipo ogula tomato amagula n'kumapita. Tionge sanaimbebe foni. Mtengo uli chiimire, wabala moti nthambi zikuchita kulendewera, ndipo Ba Maud amauyang'ana m'mawa uliwonse monga kale. Ndi wawo tsopano, mizu ndi nthambi zomwe, papepala ndi pachidindo, palibe amene angaukhudze. Koma akauzidwa kuti ali ndi mwayi amangogwedeza mutu. Amati mtengowo unali wotetezeka bwino masiku amene kunali munthu wolumbira tsiku lililonse kuti mawa audula.